Mafunso amene mumandifunsa okhudza agalu a beagle amene ndimasunga kuno ku England

Chiyambireni kusunga agalu a mtundu wa beagle amene alibe kokhala mafunso sakutha, ena amandiimitsa tikatuluka m'tchalitchi, ena pa WhatsApp, ndipo achemwali anga kumudzi mpaka lero samvetsa kuti munthu wamkuluwamkulu angamagone nyumba imodzi ndi galu bwanji. Nde ndati ndiyankhe onse pamodzi. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ngati ambiri a ife kuno, za agaluzi ndimapanga mongodzipereka.

Kodi beagle ndi uja wa makutu ogwa ngati masamba a fodya?

Eya ndi yemweyo. Ndi wamfupi, kuchokera pansi kufika paphewa amakhala masentimita 33 mpaka 40, ambiri amakhala a mawanga akuda, ofiirira ndi oyera ndipo kunsonga kwa mchira kumayera. Kuyerako alenje ankakufuna dala kuti galu akalowa mu udzu mutu uli pansi azimuonabe komwe ali. Azungu akuno ankaweta agaluwa kuti azisakira akalulu, osati galu mmodzi koma chigulu, anthu akutsatira pambuyo wapansi, tingoti uzimba wa ku England. Kusaka kotereku anakuletsa ndi lamulo la 2004 ku England ndi Wales koma ulenjewo m'magazi mwa galu sunachoke. Amatsatira mphuno yake kuposa mawu anu, ndipo poti makolo ake ankakhala pagulu, kukhala yekha kumamuzunza kwambiri. Zonse zimene ndinene m'munsimu zikuchokera pamenepa.

Mphuno yake si yamasewera. Amene munatsikako pa bwalo la ndege ku America mwina munaona kagalu kovala jekete kakununkhiza masutikesi, kameneko nthawi zambiri ndi ka beagle. Boma la America linayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1984 ku Los Angeles ndipo gululo amalitcha Beagle Brigade, ntchito yawo ndi kupeza nyama ndi zipatso zimene anthu abisa mu katundu, olo mango mutawakulunga m'chitenje katatu kagaluko kamangofika n'kukhala pansi pambali pa chikwama chanu basi mwapezeka.

Angandilondere nyumba?

Ayi. Kuuwa amauwa ndithu ndipo mawu ake ndi aakulu kuposa thupi, pena amakweza mutu m'mwamba n'kulira motalika ngati muja amalirira agalu usiku kumudzi akuluakulu n'kumati kwalaula. Koma mlendo aliyense kwa iye ndi mnzake, wakuba yemwe amulandira akugwedeza mchira. Kwathu tinazolowera kuti galu ndi wa pakhomo, ntchito yake ndi kuopseza anthu usiku. Uyu mukamumangirira panja pa chisanu cha kuno alira usiku onse, aneba akakunenezani ku kanselo ndipo a RSPCA, bungwe loteteza ziweto ku nkhanza, akhoza kukupezani.

Ngati ndi agalu abwino chonchi, bwanji eni ake amawasiya?

Chifukwa amagula nkhope osafunsa khalidwe. Kamwana ka beagle ukakaona mtima umagwa pompo, timaso tokongola, makutu ofika pansi, munthu n'kutulutsa ndalama tsiku lomwelo. Pakatha miyezi 8 kapena 10 kagalu kaja kakula, mphamvu zachuluka, katafuna sofa, kakumba pansi pa mpanda, katsegula bini n'kumwaza zinyalala khitchini yonse, aneba akudandaula phokoso, landilodi walemba kalata. Nde galu uja amene sanalakwe kalikonse, anangochita zimene analengedwera, akupezeka kuti akusowa kolowera. Mu 2020 nthawi ya Covid anthu ambiri anagula tiagalu ali pakhomo tsiku lonse, atabwerera kuntchito agalu aja anatsala okha m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndipo ambiri anathera ku mabungwe osamalira agalu osowa kokhala.

Koma si onse amene amasiya galu chifukwa chosasamala, izi ndimaziona kuntchito kwanga. Agogo adwala akuyenera kusamukira ku nyumba yosamalira okalamba komwe galu saloledwa, kapena amwalira ana awo ali kutali, kapena banja latha aliyense wapita kokachita renti kosalola ziweto. Ndinaonapo bambo wachikulire akulira ngati mwana tsiku limene galu wake ankatengedwa, anamukonzera kachikwama muli bulangete ndi mbale yake. Anthu otere musamawaweruze.

Gulu lina ndi la agalu aakazi ochokera kwa anthu oswetsa agalu ngati bizinesi, amene amangowaberekesa chaka ndi chaka m'makola akuda n'kuwataya akatopa. Kuyambira April 2020 lamulo lotchedwa Lucy's Law linaletsa ku England kugulitsa tiagalu tosakwana miyezi 6 kudzera m'mashopu kapena mavenda, uyenera kugula kwa woweta weniweniyo kapena kutenga ku bungwe, koma ozembetsa alipobe pa intaneti. Munthu akakuuzani kuti tikumane pa filing'i siteshoni ndikupatseni kagalu, mayi wake osamuona, thawani.

Zoti agaluwa amawayeserapo mankhwala mu labu ndi zoona?

Ndi zoona ndipo ndi nkhani imene imandiwawa kwambiri. Mwa agalu onse amene amagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku kuno ndi ku America ochuluka zedi ndi a beagle, ndipo chifukwa chake ndi chomvetsa chisoni, ndi aang'ono osavuta kusunga m'khola, komanso ndi ofatsa, olo uwabaye jakisoni kangati saluma. Kufatsa kwawo komweko ndi kumene kunawapalira moto. Kuno anthu anayamba kukwiya mu 1975 pamene nyuzipepala ya Sunday People inatulutsa zithunzi za ma beagle akuwasutitsa fodya mokakamiza mu labu. Mpaka pano ku Cambridgeshire kuli malo otchedwa MBR Acres oswetsa ma beagle a kafukufuku, ndipo kuyambira 2021 anthu otsutsa anamanga misasa kunja kwa geti yake, amaitcha Camp Beagle.

Nkhani yaikulu inachitika ku America mu 2022. Kampani ya Envigo inali ndi malo oswetsera agaluwa ku Cumberland m'chigawo cha Virginia, oyendera a boma anapezako zoopsa, chakudya cha mphutsi, agalu ovulala osathandizidwa, tiana toposa 300 titafa m'miyezi yochepa chabe. Boma linakasuma ndipo khoti linavomereza kuti agalu pafupifupi 4,000 achotsedwe. Bungwe la Humane Society of the United States ndi limene linatsogolera, linawagawa ku mabungwe ang'onoang'ono dziko lonse ndipo ntchitoyo inatenga pafupifupi miyezi iwiri. Mmodzi wa agalu aakazi a kumeneko anatengedwa ndi Prince Harry ndi Meghan kudzera ku Beagle Freedom Project, bungwe la ku California limene linayamba mu 2010. Mu June 2024 eni kampaniyo anavomera kulipira ndalama zoposa madola 35 miliyoni. Ku America komweko chigawo cha Minnesota ndi chimene chinayamba mu 2014 kukhazikitsa lamulo loti agalu a mu labu akatha ntchito aziyamba aperekedwa kwa ofuna kuwasunga m'malo mongowapha, zigawo zina zinatsatira.

Galu wochokera mu labu mumamudziwira nambala imene anamudinda mkati mwa khutu. Amakhala kuti dzina alibe, udzu sanaupondepo, masitepe sawadziwa.

Foster ndi chani kwenikweni, ndipo amalipira?

Ndi kusunga galu kunyumba kwanu mongoyembekezera mpaka bungwe limupezere banja lokhazikika, ngati mmene timasungira mwana wa m'bale pamene makolo ake ali pa mavuto. Galu amakhalabe wa bungwe, ndiwo amasankha komwe apite. Malipiro palibe abale anga, amene akuganiza kuti ndi ganyu aiwale. Chimene mabungwe ambiri amachita ndi kulipira ku chipatala cha ziweto, ena amaperekanso chakudya, bedi ndi chingwe, inu mumapereka nyumba ndi nthawi yanu. Akhoza kukhala masabata awiri, akhoza kukhala miyezi, okalamba ena amakhala mpaka kumwalira m'manja mwanu.

Ubwino wake ndi wakuti galu m'khola la bungwe saonetsa khalidwe lake lenileni, amakhala ndi mantha kapena kuuwa tsiku lonse. Akakhala m'nyumba ndi pamene timadziwa kuti uyu amagwirizana ndi ana, uyu amathamangitsa amphaka, uyu amaopa amuna ovala chipewa, nde bungwe limatha kumupezera banja loyenera kuti asabwezedwenso kachiwiri. Kuno bungwe loona za mtundu umenewu okha ndi Beagle Welfare, linayamba mu 1979 ndipo malo ake ali ku Staffordshire, koma ma beagle amapezekanso ku Dogs Trust, Blue Cross ndi RSPCA. Mumalemba fomu, amakuimbirani foni, kenako amabwera kapena amakuuzani muwaonetse nyumba pa vidiyo. Chimene amayang'anitsitsa ndi mpanda wa kuseri, ukhale wautali pafupifupi mita imodzi ndi hafu wopanda mpata pansi, ndipo ngati mukuchita renti amafuna chilolezo cha landilodi cholemba.

Ndimagwira mashifiti a maola 12, ndingathe?

Ngati mumakhala nokha, ayi, ndipo ndikunena izi mwachikondi poti ndikudziwa kuti ambiri a ife ndi mmene tikukhalira. Mabungwe amalangiza kuti galu asamasiyidwe yekha kupitirira maola 4, ndipo kwa beagle watsopano olo ola limodzi limakhala lalitali. Kunyumba kwanga kuno zimatheka chifukwa ine ndimagwira usiku bambo akunyumba amagwira masana, nde nthawi zonse pamakhala munthu. Ngati simungathe kusunga pali njira zina zothandizira, mabungwe amafuna anthu a galimoto onyamula galu kuchoka tawuni ina kupita ina, oyenda nawo pa wikendi, olo mabulangete ndi matawulo akale amalandira.

Masiku oyamba zimakhala bwanji?

Anzathu a m'mabungwe amakonda kunena kuti masiku atatu, masabata atatu, miyezi itatu. Masiku atatu oyamba galu amakhala wosokonezeka, pakatha masabata atatu wayamba kudziwa ndondomeko ya pakhomo, pakatha miyezi itatu ndi pamene amakhulupirira kuti pano ndi kwawo. Si lamulo ayi, ena amafulumira ena amachedwa.

Ndikuuzeni za mmodzi amene ndinkamutcha Chisomo, wamkazi wa zaka pafupifupi 6 wochokera kwa oswetsa aja. Anabwera mawere ali lendelende, zikhadabo zitakula mpaka kupindika, fungo la m'makutu ukulimva uli pakhomo. Titamutsitsa m'galimoto anangogona chafufumimba pa simenti osasuntha, ndinachita kumunyamula. M'nyumba analowa pansi pa tebulo la kukhitchini n'kuyang'ana kukhoma, masiku awiri osadya ine ndili pomwepo, ndimati ndikazimitsa magetsi ndi pamene ndimamva kambale kakulira. Sindinamukoke, sindinamugwire, ndinkangokhala pansi chapatali ndi kapu yanga ya tiyi n'kumayankhula ndekha m'Chichewa kuti azolowere mawu. Tsiku lachisanu ndikusenda mbatata ndinangomva kanthu kozizira kakundikhudza pa chidendene, kucheuka ndi mphuno yake, ananunkhiza kamodzi n'kuthawiranso pansi pa tebulo. Udzu wa kuseri ankauopa, amaponda phazi limodzi n'kulibweza ngati wapsa. Mchira anadzagwedeza koyamba patatha pafupifupi mwezi ndipo ndinamuimbira foni mwamuna wanga kuntchito kumuuza.

Nde musaitane anthu kudzaona galu sabata yoyamba, anzathu ndi ana awo adikire kaye. Mupatseni ngodya yake ya phee, chakudya pa nthawi yomweyomweyo, ndipo muzituluka naye panja pafupipafupi, akangodzuka ndi akangodya. Akakodza pa kapeti musamumenye kapena kumukhudzitsa mphuno pamkodzo ngati mmene ena amachitira, zimangomuphunzitsa kukuopani n'kumakakodza mobisala. Pukutani mwakachetechete, akakodza panja muyamikireni ndi kachakudya. Galu amene wakula m'khola sadziwa kuti m'nyumba ndi panja n'zosiyana, akuphunzira ali wamkulu. Muzikumbukiranso makombola a pa 5 November ndi pa Nyuwere, tsekani makatani muyatse wailesi ndipo musamutulutse kukada.

Ndingamupatse mkute ndi ndiwo zotsala ngati kwathu?

Apa ndi pamene a Malawi timalakwitsa kwambiri. Kansima pang'ono sikangamuphe koma si chakudya chake, vuto lalikulu ndi ndiwo zathu, timathira anyezi ndi adyo pafupifupi paliponse ndipo zimenezi zimaononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kumubaya m'matumbo. Chokoleti, mphesa zaziwisi ndi zouma zomwe, makeke a Khirisimasi aja odzadza mphesa zouma, komanso chingamu chokhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol, zonsezi ndi poizoni kwa galu, akadya imbani foni ku chipatala cha ziweto nthawi yomweyo osadikira kuti tione mawa.

Ndipo beagle sakhuta, amadya ngati kuli chilala, akangomaliza amakuyang'anani ngati sanalawe kanthu chiyambire dzulo. Mukamvera maso amenewo anenepa mpaka kulephera kuyenda, msana ndi miyendo n'kuyamba kuvuta. Yezani chakudya chake kawiri patsiku, mukamusisita m'mbali nthiti zizimveka pansi pa chikopa osachita kudinikiza. Wina amene ndinasunga anakwera pa mpando n'kufika pa tebulo ine nditangopita kukatsegula chitseko, mandasi a mbale yonse amene ndinakazingira alendo anatha, tinagona ku chipatala usiku umenewo mimba ili ndendende. Kuchokera tsiku lomwelo bini yathu ili ndi loko ndipo thumba la usipa limakhala pamwamba pa kabati.

Ku paki ndingamumasule chingwe?

Wa foster ayi, mabungwe ambiri amaletseratu. Olo wanu, samalani kwambiri. Akangogwira fungo la gologolo kapena nkhandwe makutu amatsekeka, mukhoza kukuwa mpaka mawu kutha iye ali uko akudutsa msewu mutu uli pansi. Gulani harness yabwino, lamba uja womumanga pachifuwa, ndi chingwe chachitali cha mamita 10 kuti azinunkhiza momasuka muli chigwirire, kapena lipirani mabwalo otchingidwa aja amene amabwereketsa pa ola. Amafuna kuyenda ola limodzi kapena kuposa tsiku lililonse kaya kuli mvula kaya chisanu, ndipo musamukoke akaima kununkhiza, kununkhizako ndi kumene kumamutopetsa bwino. Masiku oipa kunja ndimamwaza chakudya chake pa udzu kapena kuchibisa m'makatoni kuti achisake yekha.

Amadwaladwala?

Ambiri ndi olimba, amakhala zaka 12 mpaka 15. Chovuta kwambiri ndi makutu, poti amagwa n'kutseka mpweya sulowa nde mkati mumanyowa n'kuchita matenda. Muzisuzumira sabata iliyonse, mukaona akupukusa mutu, kukanda, kapena mukutuluka fungo ndi zakuda, pitani naye msanga. Mtunduwu umadziwikanso ndi khunyu, vuto la msana, ndi kanyama kofiira kotuluka pangodya ya diso. Wakhunyu akagwa musaike dzanja m'kamwa mwake, chotsani zinthu pafupi, onani nthawi imene watenga n'kuimbira dokotala, ambiri amakhala bwinobwino ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku. Katemera, mankhwala a utitiri, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba musadumphitse. Ochokera ku mabungwe ambiri amabwera atafulidwa kale kapena kutsekedwa, ngati ayi mumasainira kuti mudzapanga.

Nanga malamulo ndi ndalama ndikafuna kumutenga kukhala wanga?

Bungwe limalipiritsa mapaundi mazana angapo, si kugula ayi, ndi kubweza zina mwa zimene anaononga pomusamala. Kuno kulibe NHS ya agalu, kutanthauza chipatala cha boma chaulere, opaleshoni imodzi ikhoza kudya malipiro anu a miyezi, nde inshulansi musaione ngati yongotaya ndalama. Kuyambira April 2016 galu aliyense ayenera kukhala ndi microchip, kachipangizo kamene amaika pansi pa chikopa, yolembetsedwa m'dzina lanu, kupanda kutero faindi imafika mapaundi 500, ndipo mukasamuka nyumba kasinthitseni adiresi. Akakhala pagulu ayenera kuvala kolala yokhala ndi dzina ndi adiresi ya mwini wake. Chimbudzi chake mumatola nokha ndi kajumbo, amene mukuona kuti zimenezo simungathe ndi bwino mudziwiretu lero.

Ali bwino ndi ana?

Ambiri inde, amakonda ana kwambiri. Koma mwana aphunzitsidwe kusamusokoneza akamadya kapena akagona, ndipo wamng'ono asamayende ndi bisiketi m'manja galu ali pompo. Ana athu ena anakulira kuopa agalu chifukwa cha zimene anaona kwathu, musawakakamize, azolowera pang'onopang'ono.

Ndikamabwerera ku Malawi ndingapite naye?

Wa foster ayi poti si wanu. Wanu n'zotheka koma ndi ndalama zambiri ndi mapepala, pamafunika chilolezo cha a zaulimi oona za ziweto kwathu ndi katemera wa chiwewe. Kubwerera naye kuno ndi kumene kumavuta, amayenera kuyezedwa magazi patatha masiku osachepera 30 chibayireni katemera kenako kudikira miyezi itatu, nde za kupita naye ku holide ya Disembala musanakonzekeretu iwalani. Amene muli kumudzi ndipo nkhaniyi yakukhudzani, musavutike kusaka beagle, pitani ku bungwe losamalira ziweto la LSPCA ku Lilongwe muli agalu athu achikuda ambirimbiri ofuna pokhala, olimba komanso ozolowera nyengo yathu. Ndipo a Mission Rabies amene akhala akubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015 akafika m'dera lanu tengani galu wanu mupite naye, ndi ulere ndipo zimateteza ana athu.

Kwathu anthu akugona ndi njala inu mukusamala agalu, si kulakwa kumeneko?

Funso ili anandifunsa ndi malume anga ndipo sindinakwiye chifukwa ndikudziwa komwe likuchokera, inenso ndinakulira komweko. Ndalama kumudzi ndimatumiza mwezi ndi mwezi, fizi ya ana a achimwene ndimalipira, galu sanalande mwana aliyense chakudya poti zambiri amalipira ndi a bungwe. Chimene ndimapereka ndi ngodya ya khitchini ndi nthawi yanga. Ndipo ndinene zoona, zaka zoyamba kuno ndinali ndekhandekha, kuchoka kuntchito kulowa m'nyumba osayankhula ndi munthu, aneba amene tinakhala moyandikana zaka osapatsana moni ndinadziwana nawo chifukwa choyenda ndi galu m'mawa.

Sizipweteka kumupereka mutamuzolowera?

Zimapweteka, nthawi iliyonse. Ena amalephera n'kumutenga okha ndipo palibe cholakwika, kungoti malo a galu wotsatira amatsekeka. Chisomo anakhala nafe miyezi 5. Banja limene linamutenga ndi la anthu awiri opuma pantchito okhala kufupi ndi nyanja, ali ndi beagle wina wokalamba, anabwera kawiri kudzamuona asanamutenge. Tsiku lonyamuka ndinawapatsa bulangete lake losachapa kuti fungo la kwathu apite nalo, ndi kapepala kolemba kuti amaopa tsache komanso kuti mukamuitana muzigwada kaye. Ndinawaphunzitsanso mawu oti bwera poti ndi amene anazolowera, bambo aja anachita kuwalemba pa foni. Anakwera yekha m'galimoto, galu yemwe uja ndinachita kunyamula pobwera. Ine ndinalowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi tebulo lija kulira. Patatha masabata awiri ananditumizira chithunzi ali pa mchenga makutu ali m'mwamba ndi mphepo, ndipo Lachisanu lake a bungwe anaimba kuti pali wamwamuna wa zaka 9 amene mwini wake wagonekedwa m'chipatala, ndinawauza kuti abwere naye Loweruka ndikaweruka.